Kuika mabatire pa sitima ya dizilo: mafuta amapulumukira pati pa njanji ya Lusaka?

Amene anadikirirapo sitima pa siteshoni ya Lusaka, kuseri kwa Intercity, akukudziwa kulira kwa mutu wa sitima umene waima koma injini ili chilirire. Umalira chapansipansi, nthaka n'kumanjenjemera, utsi n'kumatsetsereka kulowera ku Kamwala kapena ku Cairo Road malinga ndi kumene mphepo yaloza. Ukhoza kukhala choncho ola limodzi, maola atatu, mwina usiku wonse. Mawilo sakuzungulira, koma dizilo akupsa, malita 10 mpaka 20 pa ola kwa mutu wa msinkhu wa imene tili nayo kuno. Nkhani yoika mabatire pa masitima akale a dizilo, kuti akhale a hybrid, kwa ife iyenera kuyambira pamenepa.

Mawu oti hybrid si achilendonso mu Lusaka. Toyota Aqua ikaima pa maloboti injini imazima, ikamanyamuka imayamba ndi batire, ndipo ikamagwira mabuleki batire limadzazidwa. Pa sitima nzeru yake ndi yomweyo. Kusiyana kwake n'kwakuti sitima sagula yatsopano: amatenga mutu umene wagwira ntchito zaka 30 kapena 40, n'kuuikira mabatire ndi zipangizo zowayendetsera. Makampani ogulitsa zimenezi amalonjeza kuchepetsa dizilo ndi 20 kapena 25 peresenti. Manambala amenewa si abodza, koma anapezeka pa njanji za kwina. Pa njanji yathu phindu lilipo ndithu, kungoti lili pamalo ena.

Mutu wa sitima ndi wamagetsi kale

Mitu imene yakoka masitima a Zambia Railways kwa zaka zambiri, monga U20C ya General Electric, ilibe giyabokosi yolumikiza injini ndi mawilo. Injini ya masilinda 12, ya mphamvu pafupifupi 1,500 kW, imazungulitsa jenereta. Jeneretayo imatumiza magetsi ku mamota 6, imodzi pa ekiselo iliyonse. Woyendetsa ali ndi chogwirira cha manotchi 8, ndipo notchi iliyonse imawonjezera liwiro la injini ndi magetsi opita ku mamota.

Mitu yambiri yotere ili ndi buleki yachiwiri, yamagetsi. Potsika mtunda mamota aja amasandutsidwa majenereta, mawilo ndiwo amawazungulitsa, ndipo kuvuta kozungulitsako n'kumene kumabweza sitima. Magetsi amene atuluka amapita ku zitsulo zopiringizana zili chakudenga, zonga maelementi a sitovu, ndipo fani imauzira kutenthako kunja. Mphamvu yonseyo imathera m'mlengalenga. Ntchito ya batire ndi kuiwakha isanafike ku zitsulo zija.

Apa tili ndi mwayi. Masitima ambiri a anthu ku Ulaya ali ndi injini zing'onozing'ono kunsi kwa bogi iliyonse, zolumikizidwa ku mawilo ndi giyabokosi, moti powasintha amachita kulowetsa mota yatsopano pakati pa injini ndi giyabokosiyo. Mutu wathu uli ndi mamota kale. Chofunika ndi kupeza polumikizira batire pa nthambo zimene zilipo.

Zimene zili mu utsi

Utsi wa dizilo uli ndi zinthu zitatu zofunika kuzisiyanitsa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Mpweya wa carbon dioxide, umene ukutenthetsa dziko, umayendera limodzi ndi kuchuluka kwa dizilo: lita imodzi ikapsa imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.7, kaya injini ndi yatsopano kaya ndi yakale. Palibe sefa imene ingauchotse. Njira ndi kutentha dizilo wochepa basi. Mipweya ya NOx, yosakanikirana nayitrojeni ndi okosijeni, imapangika m'silinda mukatentha kwambiri, ndipo imapweteka m'chifuwa, makamaka kwa odwala mphumu. Chachitatu ndi mwaye, timadontho tosaoneka ndi maso timene timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mu 2012 bungwe la IARC, la pansi pa World Health Organization, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa.

Masitima athu ndi ochepa, ndipo carbon dioxide wawo ndi wochepa kwambiri pomuyerekeza ndi wa malole ndi mabasi a pa Great North Road. Koma mwaye ndi NOx zimagwera munthu amene ali pafupi: wogwira ntchito m'yadi, mayi wogulitsa m'mbali mwa njanji, ana a ku Misisi, ku Garden ndi ku Chipata Compound kumene nyumba zinachita kuyandikana ndi njanji. Kwa anthu amenewa, sitima yodutsa m'tauni injini itazima ndi nkhani ya umoyo wawo weniweni.

Masamu a mabuleki, ndi masamu a mtsetse

Lita imodzi ya dizilo ili ndi mphamvu pafupifupi 10 kWh (kWh imodzi ndi yuniti imodzi ya magetsi), koma zofika pa mawilo ndi 3 kWh zokha. Zina zimathera m'redieta ndi mu ekizosi. Choncho 3 kWh zilizonse zimene batire labweza ku mawilo ndi lita imodzi yopulumuka.

Titenge sitima ya matani 500, mutu ndi mabogi 10. Ikamathamanga makilomita 100 pa ola, mphamvu imene mabuleki ayenera kuipha kuti iime ndi 54 kWh. Pa makilomita 60 pa ola ndi 19 kWh. Pa makilomita 40 pa ola sizikwana 9 kWh. Liwiro likatsika ndi theka, mphamvuyo imatsika kanayi. Ndipo si yonse imene ingalowe m'batire. Buleki yamagetsi imagwira pa maekiselo 6 a mutu okha, pamene mabogi amaima ndi mabuleki awo okhuza pa mawilo. Ukaikakamiza, mawilo a mutu amatsetsereka pa njanji, makamaka m'mamawa kuli mame kapena nthawi ya mvula. Komanso mamota akale amasiya kubweza bwino sitima ikatsala pang'ono kuima. Wawakha theka, wachita bwino. Ndiye kuti sitima yoyenda makilomita 40 pa ola ikaima pa siteshoni imapulumutsa lita imodzi ndi kadontho. Pa njanji ya Livingstone mpaka Kitwe, pamene masiteshoni ali motalikirana ndipo liwiro ndi lotsika chifukwa cha kutha kwa njanji, mabuleki a pa siteshoni sangabweze mtengo wa batire ngakhale patapita zaka 20.

Koma taonani mtunda. Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Kafue ili m'munsi ndi mamita pafupifupi 300, ndipo pakati pake pali makilomita ngati 50. Sitima yomwe ija ya matani 500 ikamatsika mtsetse umenewo imataya mphamvu yoposa 400 kWh. Pafupifupi theka limathera pa kukhuzana kwa mawilo ndi njanji, m'makona ndi mumphepo. Zotsalazo ndi zimene lero zimapsereza mabuleki. Ngakhale batire litawakha 150 kWh zokha, amenewo ndi malita 40 mpaka 50 pa ulendo umodzi, mofanana ndi zimene masiteshoni pafupifupi 30 angapereke. Awa ndi masamu a papepala, ndipo mtsetsewo suli wofanana paliponse, koma akuonetsa kumene wopanga mapulani ayenera kuloza maso. Potsikira ku Livingstone kuchokera kumtunda kwa Choma ndi Kalomo palinso mwayi wonga womwewu.

Mtsetse uli ndi lamulo lake: batire lodzaza silingalandire kanthu. Sitima yopita kum'mwera iyenera kutuluka mu Lusaka batire litatsika, ndipo yochokera kum'mwera iyenera kuyamba kukwera pa Kafue lili lodzaza. Zimenezi zimagwirizana bwino ndi chofuna chathu china. Sitima ikaima pa siteshoni ndi kudutsa m'makomboni ikudya batire, imafika ku Lilayi batirelo lili ndi malo, n'kudzadzazidwa ulere potsika. Kuti zitheke, kompyuta yoyendetsa mphamvu iyenera kudziwa pamene sitima ili ndi zimene zili kutsogolo. Kompyuta yongoyang'ana kuti batire latsika, liza injini, imadzaza batire ndi dizilo pamwamba pa phiri, ndipo phindu lonse la mtsetse limatayika.

Kulira kwa injini sitima itaima

Phindu lalikulu ndi lotsika mtengo kuposa onse lili apa. Mutu umene injini yake imalira chabe maola 8 pa tsiku, malita 15 pa ola, masiku 300 pa chaka, umatentha malita 36,000, ndipo amenewo ndi matani pafupifupi 97 a carbon dioxide osasuntha munthu ngakhale mmodzi. Nthawi imeneyi ndi imenenso injini imatulutsa mwaye wambiri pa lita iliyonse, chifukwa masilinda ndi ozizira ndipo dizilo sapsa yense. Oyilo ndi dizilo wosapsa zimaunjikana mu ekizosi, n'kudzatuluka chimtambo chakuda sitima ikamanyamuka.

Woyendetsa amene sazimitsa injini sikuti ndi wosasamala. Mabatire olizira injini akafooka, ukazimitsa pa Mazabuka mwina sudzalizanso, ndiye sitima yonse yagona pamenepo. Kompuresa ndi pampu ya mabuleki a vacuum, amene masitima ambiri akale a kuno kum'mwera kwa Africa amagwiritsa ntchito, zimazunguliridwa ndi injini. Injini ikazima, mapaipi odontha amataya mphamvu ya mabuleki, ndipo kuibwezeretsa kumadya nthawi. Batire lalikulu limachotsa mantha onsewa. Limaliza injini mosakayikitsa, ndipo kompuresa ndi pampu zikapatsidwa mamota awoawo zimagwira ntchito injini ili zii. Limathanso kudyetsa magetsi, mafiriji ndi zoziziritsa m'mabogi sitima ikaima, ntchito imene lero imagwiridwa ndi jenereta ina ya dizilo m'bogi yakeyake.

Pali phindu linanso. Injini ya dizilo imadya bwino ikamagwira ntchito yolemera, chapamwamba pa manotchi. Njanji ikakhala yotha, injini ya 1,500 kW imakhalira notchi 2 kapena 3 ulendo wonse. Kuichotsa n'kuika yatsopano ya 700 kW, batire n'kumathandiza ponyamuka, kumachepetsa dizilo ndi utsi womwe. Koma chenjezo nali: batire lotha kupereka 300 kWh likamawonjezera 500 kW limatha pa mphindi 36. Chitunda chikatalika kuposa pamenepo, sitima imatsala ndi kainjini kaja, n'kumakwawa.

Zimene ena anapeza

Japan ndiyo inayamba kunyamula anthu ndi sitima ya dizilo ndi batire, KiHa E200 ya JR East, pa njanji ya Koumi mu 2007. Inali yatsopano, ndipo dizilo anatsika ndi pafupifupi 10 peresenti. Ku France, makampani a SNCF ndi Alstom anatenga sitima ya Régiolis, n'kuchotsa injini ziwiri mwa zinayi, m'malo mwake n'kuika mabatire a lithium. Cholinga chinali 20 peresenti, ndipo inayamba kunyamula anthu chakumapeto kwa 2023 m'dera la Toulouse. Ku America, makampani a Wabtec ndi BNSF anaika mutu wa mabatire okhaokha, a 2.4 MWh, pakati pa mitu iwiri ya dizilo pa sitima ya katundu, pakati pa Barstow ndi Stockton ku California mu 2021. Sitima yonse inachepetsa dizilo ndi 11 peresenti. Njira imeneyi, ya mabatire oyenda pa mawilo awoawo, ndiyo ikufanana kwambiri ndi zimene zingatheke kuno.

Nkhani ya ku Britain ndi yofunika kuimvetsa bwino. Makampani a Chiltern Railways, Porterbrook ndi Rolls-Royce anasintha sitima imodzi ya Class 168, n'kuitcha HybridFLEX, ndipo inayamba kunyamula anthu pakati pa London Marylebone ndi Aylesbury mu Febuluwale 2022. Analonjeza kuchepetsa dizilo mpaka 25 peresenti, NOx kuposa 70 peresenti ndi mwaye kuposa 90 peresenti. Mbali yaikulu ya manambala awiri omalizawo inachokera ku injini yatsopano yokhala ndi zosefa utsi, osati ku batire. Ndipo ntchitoyo sinapitirire ku masitima ena. Mu 2023 anaisiya. Kumeneko kuli mainjiniya, zipangizo ndi ndalama pafupi, koma kusintha sitima yakale kunawavutabe. Amene angabwere kudzatiuza kuti ndi ntchito ya miyezi itatu, timufunse za sitima imeneyi.

Ntchito yake imayenda bwanji

Choyamba si kugula kanthu, ndi kuyeza. Pa mitu iwiri kapena itatu pamaikidwa mita ya dizilo, GPS, ndi kachipangizo kolemba notchi, liwiro ndi magetsi a mamota sekondi iliyonse. Kuyezako kukhale kwa miyezi ingapo, kuphatikizapo Okutobala ndi nthawi ya mvula. M'menemo ndi m'mene mumatuluka maola olira chabe, mphamvu yotayika potsika, ndi utali wa zitunda. Kukula kwa batire kumachokera pa manambala amenewa, osati pa kabuku ka wogulitsa.

Kenako mutuwo umalowa m'wekishopu, ngati ya ku Kabwe, kukaunikidwa. Chimango chimafufuzidwa ming'alu ndi dzimbiri, mamota amayezedwa ngati zokutira nthambo zake zikadali zolimba, jenereta chimodzimodzi. Mutu umene sungagwire ntchito zaka zina 15 suyenera kuikidwa batire la zaka 10. Injini nayo ikonzedwe kaye: mainjekita otha, turbo yofooka ndi masefa a mpweya otsekeka ndi fumbi zimadya dizilo wambiri, ndipo kuzikonza ndi ndalama yochepa. Kuika batire pa injini yodwala n'kumanga denga latsopano pa khoma long'aluka.

Kusankha batire kuli pakati pa mitundu itatu ya mabatire a lithium. La LTO limapirira kudzazidwa ndi kutsitsidwa mofulumira maulendo oposa 15,000 ndipo silipsa msanga, koma ndi lolemera ndi lodula. Limayenera sitima yoima pafupipafupi. La LFP, lomwe lija lili m'mainveta a m'nyumba zambiri mu Lusaka, ndi lotsika mtengo ndipo limasunga mphamvu zambiri. Limayenera mitsetse italiitali. La NMC ndi lopepuka koma ndi losachedwa kupsa likatentha, ndipo pa sitima ya anthu m'dziko lotentha ngati lathu sitingalilimbikitse. Lililonse silimagwiritsidwa ntchito lonse: kuti likhalitse limasungidwa pakati pa 20 ndi 80 peresenti. Ofuna 300 kWh zogwiritsa ntchito agule 500 kWh.

Pamenepo mpamene pamabwera vuto la kulemera. Mabatire a LFP a 500 kWh, pamodzi ndi mabokosi ake achitsulo, zoziziritsira ndi konveta, amafika matani 7 kapena 8. Mutu wa matani pafupifupi 90 uli kale ndi matani 15 pa ekiselo iliyonse, ndiye kuwonjezera tani ina pa iliyonse si nkhani yaing'ono pa njanji yofooka ndi pa milatho yakale. Wa pa Kafue unamangidwa mu 1906, wa pa Victoria Falls mu 1905. Ena amachepetsa thanki ya dizilo kapena kuchotsa zitsulo zongolemeretsa mutu. Kuika mabatire kunsi, pakati pa mawilo, kuli ndi zoopsa zake kuno: madzi osefukira pa njanji m'Januwale, miyala yothamanga, ndi ng'ombe zogundidwa ku Southern Province. Nzeru yabwino ndi bogi yapadera ya mabatire yolumikizidwa kumbuyo kwa mutu. Kulemera kumagawanika, malo oziziritsira amakwanira, mabatire amatalikirana ndi anthu, ndipo mutu ukalowa m'wekishopu bogiyo imakagwira ntchito ndi mutu wina wokonzedwa mofanana.

Mtima wa ntchito yonse ndi konveta. Magetsi a jenereta ndi mamota amasinthasintha kwambiri malinga ndi liwiro, pamene batire limakhala pa mavoti ake, mwachitsanzo 700. Konveta ndiyo imagwirizanitsa ziwirizi, uku ndi uku, ponyamuka ndi pogwira mabuleki. Zitsulo zotentha za kudenga zija zisachotsedwe. Batire likadzaza, likatentha, kapena kompyuta yake ikalizimitsa pakati pa mtsetse, mphamvu ya mabuleki iyenera kusamukira ku zitsulozo sekondi isanathe, woyendetsa osamva kusintha. Ili ndi gawo loyenera kuyesedwa kambirimbiri, sitima ili yolemera koma yopanda anthu, isanaloledwe kunyamula aliyense. Ayesenso ngati konveta sikusokoneza mawailesi a oyendetsa ndi zida zolondolera masitima, chifukwa imatulutsa phokoso lamagetsi.

Zimene zimawonongeka

Mdani woyamba ndi kutentha. Mabatire a lithium amafuna madigiri 20 mpaka 30. Mu Okutobala ku Livingstone kunja kumafika pafupi ndi 40, ndipo m'bokosi lachitsulo lili padzuwa mumaposa pamenepo. Fani yokha siingatsitse kutentha kupitirira mpweya wakunja, choncho pamafunika choziziritsira chokhala ndi kompuresa ngati ya firiji, chimene chimadyanso mphamvu ya batire lomwelo. Chikawonongeka, kompyuta imachepetsa mphamvu kapena kuzimitsa batire. Chikamagwira mofooka popanda woona, batire loyenera kukhala zaka 10 limatha pa zaka 5. Kawirikawiri chochititsa ndi chaching'ono: fumbi ndi udzu wouma zotseka redieta ya choziziritsira, zimene zimafuna munthu wozipemerera sabata iliyonse m'chilimwe.

Wachiwiri ndi kugwedezeka. Pa njanji yolumikiza ndi mabawuti, molumikizira monse sitima imagunda. Mabawuti a pa zitsulo zamkuwa zolumikiza mabatire amamasuka pang'onopang'ono, ndipo polumikiza pomasuka pamatentha. Kamera yoona kutentha ndi sipanala yoyeza kumanga zikhale pa ndandanda ya sevisi. Chinyezi cha m'dzinja chikasakanikirana ndi fumbi chimapangitsa magetsi kudontha kupita ku chimango, ndipo chitetezo chimazimitsa zonse. Mabatire a LFP ali ndi khalidwe linanso: mavoti ake sasintha kwenikweni pakati pa 30 ndi 70 peresenti, moti kompyuta imasokonezeka pa kuwerenga. Ikhoza kunena kuti latsala ndi 40 pamene latsala ndi 15. Mankhwala ake ndi kulidzaza mpaka kumapeto nthawi ndi nthawi kuti kuwerengako kubwerere m'malo.

Injini yatsopano yokhala ndi zosefa utsi ili ndi zofuna zake. Sefa ya mwaye ndi chipangizo cha SCR chochotsa NOx zimaphedwa ndi sulufule. Kuyambira 2023 paipi ya TAZAMA, yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imabweretsa dizilo wa sulufule wochepa, ndipo zimenezi zatsegula khomo limene kale linali lotseka. Koma thanki imodzi ya dizilo wosakaniza kapena wamadzi imakwanira kuwononga. SCR imafunanso madzi a urea, AdBlue, malita pafupifupi 5 pa malita 100 a dizilo, ndipo amawonongeka akasungidwa padzuwa. Chinanso chimene ambiri sachiganizira: SCR imagwira ntchito ekizosi ikatentha kupitirira madigiri 200. Injini ya hybrid yozimazima pafupipafupi imaziziritsa ekizosi, NOx n'kumatuluka wosasefedwa nthawi iliyonse ikalira. Ndi bwino injini ilire nthawi yaitali ikugwira ntchito yolemera, kenako izime nthawi yaitali.

Moto wa batire ndi wosowa, koma ukayamba suzimitsika ndi kachozimitsira ka m'manja. Selo imodzi (kabatire kamodzi mwa timene timapanga batire lalikulu) ikapsa imayatsa inzake, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo pamafunika madzi ochuluka kwa maola ambiri. Mitu ina ya Green Goat ku America, yoshantira (kusuntha ndi kulumikiza mabogi) m'mayadi, inapsa m'zaka za m'ma 2000 mpaka kampani yake inaiitanitsa kukakonzedwa, ndipo imeneyo inali ya mabatire a mtovu. Sitima ikapsa pakati pa Pemba ndi Choma galimoto yozimitsa moto ili kutali. N'chifukwa chake mabatire agawidwe m'zipinda zotsekerana, zokhala ndi potulukira utsi choloza kumwamba, ndipo bogi yawo itheke kumasulidwa msanga.

Vuto lomaliza silili m'zitsulo. Mutu wakale umakonzedwa ndi makanika wa ku Kabwe ali ndi sipanala ndi mita. Wa hybrid ukaima umafuna laputopu ndi pulogalamu imene kiyi yake ili ndi kampani yakunja. Ngati mgwirizano sunanene kuti mapulogalamu, zojambula za nthambo, maphunziro ndi masipeya a zaka 10 zikhale kuno, kakhadi kamodzi kakapsa mutu umagona miyezi kudikira madola ndi katswiri wa pa ndege.

Kudzaza batire ndi magetsi a ZESCO

Batire lodzazidwa ndi injini silibweretsa mphamvu yatsopano, ndipo 10 mpaka 15 peresenti imatayika polowa ndi potuluka. Kuchepetsa kwakukulu kwa dizilo kumabwera batire likamadzazidwa ndi magetsi akunja. Kuno magetsi ambiri ndi a madzi, a ku Kariba ndi Kafue Gorge, choncho ndi oyera. Kudzaza 300 kWh pa ola limodzi ndi theka kumafuna chaja ya 200 kW ndi thiransifoma yakeyake pa laini ya 11 kV, zimene si zovuta pa siteshoni ya Lusaka kapena Kabwe. Koma tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene madzi a Kariba anatsika ndipo makomboni ankakhala maola oposa 17 opanda malaiti. Apa mpamene hybrid imaposa sitima ya mabatire okhaokha: malaiti akapita, injini ilipo. Masola amathandiza, 1 kW ya mapanelo imapereka pafupifupi 4.5 kWh pa tsiku kuno, ndiye mapanelo a 70 kW amakwanira kudzaza kamodzi, bola sitimayo ikhale pa chaja masana.

Nanga bwanji osangomanga nthambo zamagetsi pamwamba pa njanji? Kumene masitima amadutsa ambiri pa ola, imeneyo ndiyo njira yabwino koposa. Kwa masitima owerengeka pa tsiku mtengo wake subwerera. Anzathu a ku Zimbabwe anamanga nthambo zotere pakati pa Harare ndi Dabuka, pafupi ndi Gweru, mu 1983, ndipo zinatha ndi akuba mkuwa. Mabatire ndi nthambo zamkuwa za pa sitima ya hybrid nazo zimafuna mabokosi okhoma ndi yadi yolondera.

Tiyambire pati

Batire limakalamba ndi zaka ngakhale lisakugwira ntchito. Sitima ya anthu yoyenda kangapo chabe pa sabata siingalipire batire lake, pokhapokha bogi ya mabatire ija izikagwiranso ntchito pa masitima a katundu masiku enawo. Choncho dongosolo loyenera, m'maganizo athu, ndi ili: kuyeza, kukonza injini ndi mapaipi a mabuleki, kuika mabatire abwino olizira pamodzi ndi chipangizo chozimitsa ndi kuliza injini chokha, ndipo pambuyo pake hybrid yeniyeni pa mitu yogwira ntchito tsiku lililonse. Mitu yoshantira m'yadi ya Lusaka ndi ya Kabwe ili patsogolo, chifukwa imathera tsiku ikulira chabe. Kukonza njanji nako kumakweza phindu la batire, poti liwiro likakwera mabuleki amabweza zambiri. Ndipo TAZARA, imene maboma a Zambia, Tanzania ndi China anasainirana zoikonzanso mu Sepitembala 2024, ili ndi mitsetse ikuluikulu pa makilomita ake 1,860. Masamu a Kafue aja akagwira ntchito kwambiri kumeneko.

Sitima imene hybrid inabadwira ndi ya m'tauni. Lusaka inali nayo yotchedwa Njanji Commuter, yochoka ku Chilenje kupita ku George m'zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2015 Zambia Railways inayambitsa ina pakati pa Ngwerere ndi Lilayi. Sitima yotere imaima pafupipafupi, imayenda maulendo angapo pa tsiku, ndipo imagona pamalo amodzi pamene chaja ingamangidwe. Ya matani 250 pa ulendo wa makilomita ngati 30 imafuna pafupifupi 200 kWh, ndiye ikhoza kudutsa tauni yonse injini itazima, n'kuisunga ya tsiku lopanda malaiti.

Koma sitima yoyenda ndi batire siimveka. Lero mayi amene wayala tomato pafupi ndi njanji ku Misisi, kapena mwana wodutsa popita kusukulu ku Garden, amachenjezedwa ndi kugunda kwa injini sitima isanatulukire. Ambiri sayang'ana n'komwe, amadalira khutu. Njanji ya mu Lusaka ilibe mpanda, ndipo ndi njira ya anthu oyenda pansi tsiku lonse. Mutu wa hybrid woyenda makilomita 20 pa ola umamveka utafika kale, ndipo matani 250 saima pa mamita 10. Choncho pa mndandanda wa zipangizo, pamodzi ndi konveta ndi choziziritsira, palembedwe belu lolira lokha sitima ikamayenda ndi batire, nyali zothwanima kutsogolo, malamulo atsopano a poliza hutala, ndi milungu ingapo yoyenda khomo ndi khomo m'makomboni a m'mbali mwa njanji sitimayo isanayambe ulendo woyamba.